Denga la motorhome n'laling'ono: sola, dishi ndi Starlink, chiyambe kukwera n'chiti?

Musanagule chilichonse, tengani makwerero, tepi yoyezera ndi makatoni akale, mukwere padenga la motorhome yanu, galimoto yogonamo ija. Mukaima pansi denga limaoneka ngati bwalo. Mukafika pamwamba mumapeza kuti malo analandidwa kale: apa zenera la padenga, apo potulukira mpweya wa kubafa, uko mlongoti wa wailesi, ndipo magalimoto ena ali ndi chimakina choziziritsira mpweya chitakhala pakatikati ngati mfumu. Chotsala ndi timizere ndi timakona. Dulani makatoni aja molingana ndi zipangizo zimene mukuzisirira, muwayale padengapo. Panelo ya sola ya 100 W imatenga pafupifupi mita imodzi m'litali ndi theka la mita m'lifupi. Mukayala awiri kapena atatu, kenako katoni ya dishi, maloto ambiri amathera pomwepo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ambiri amayamba ndi sola chifukwa ndiyo yosavuta kuimvetsa, n'kudzaganiza za setilaiti pambuyo. Ine ndimati tembenuzani. Chipangizo cha setilaiti ndicho chiyenera kusankhidwa koyamba, chifukwa chimavutitsa sola pawiri: chimadya magetsi amene sola yapanga, komanso chimaponya mthunzi pa mapanelo omwewo. Mukadziwa chimene chikwere ndi pamene chikhale, kuchuluka kwa sola ndi mtundu wake zimadzisankha zokha.

Mukufuna TV kapena intaneti?

Mawu akuti setilaiti amasokoneza anthu chifukwa akutchula zinthu ziwiri zosiyana kwambiri. Masetilaiti a TV ali pamtunda wa makilomita 35,786 pamwamba pa ikweta, ndipo amazungulira mofanana ndi dziko, choncho kwa munthu amene ali pansi amaoneka ngati aima pamodzi. Dishi yanu iyenera kuloza kadontho kamodzi ka kumwamba, osaphonya. Mukakhala kumpoto kwa ikweta imayang'ana kummwera, mukakhala kummwera imayang'ana kumpoto, ndipo mukamatalikira ikweta dishi imawerama kwambiri, moti kaphiri kapena mzere wa mitengo ukhoza kuitsekera. Masetilaiti a Starlink, omwe ndi a intaneti, amene kampani ya SpaceX inayamba kuwaponya m'magulu mu May 2019, ali pafupi, cha pa makilomita 550, ndipo amathamanga kudutsa mlengalenga. Chipangizo chake sichiloza kadontho. Chimafuna thambo lotseguka lalikulu ndithu kuti chizilandirana ndi setilaiti imodzi, ina ikamalowa.

Ngati chimene mukufuna ndi TV, njira zilipo zitatu.

Yoyamba ndi dishi yodzipinda yokha, ya mayina ngati Oyster, Teleco, Alden kapena Maxview. Mumadina batani, iyo n'kudzuka, kuzungulira, kupeza setilaiti m'mphindi zochepa. Zambiri zimagona zokha mukangoliza injini, chomwe ndi chitetezo chachikulu, chifukwa dishi yoiwalika ili chiimire imathera pa nthambi kapena pansi pa mlatho. Zimabwera kawirikawiri m'misinkhu ya masentimita 65 ndi 85. Kukula kwake si kodzionetsera ayi. Setilaiti iliyonse imaunikira dera lake, ndipo mphamvu imachepa mukamafika kumalire a deralo. Anthu a ku Britain amene amaonera TV ya masetilaiti a Astra, a pa malo a kumwamba otchedwa 28.2°E, amazidziwa bwino: kwawo kadishi kakang'ono kamakwanira, koma akatsikira kummwera kwa France ndi ku Spain matchanelo akwawo amayamba kuduladula, ngakhale pa dishi ya masentimita 85. Choipa chake n'chakuti dishi yotere imalemera makilogalamu opitirira 10, imafuna malo oti izizunguliramo popanda kugunda kanthu, ndipo ikadzuka imakhala ngati ambulera pamwamba pa mapanelo anu. Kukachita mphepo yamphamvu muyenera kuigoneka, mpira uli mkati kapena ayi.

Yachiwiri ndi ya chigoba chobulungira, mmene kadishi kakang'ono kamabisala mkati mwa pulasitiki. Mphepo siivutitsa, ndipo mitundu ina imagwira ntchito galimoto ikuyenda. Koma kadishiko n'kakang'ono, motero ndiko koyamba kutaya chithunzi mukatalikira pakati pa dera la setilaiti kapena mvula ikalimba. Komanso sichipindika. Chimawonjezera msinkhu wa galimoto masentimita 30 kapena kuposerapo tsiku lililonse, ndipo mthunzi wake ulipo kaya mukuonera kaya simukuonera. Kwa munthu wodalira sola, ichi ndimachiika pamapeto.

Yachitatu siikwera padenga n'komwe: dishi wamba ya pa miyendo itatu, imene mumaiimika pansi ndi kuilozetsa ndi manja. N'njotopetsa masiku oyamba, makamaka kupotoza kachipangizo ka kutsogolo kotchedwa LNB kuti kagwirizane ndi dera limene muli. Imadyanso malo m'kabati. Koma ili ndi ubwino umene zinzake zilibe: galimoto ikhoza kukhala pansi pa mtengo, dishi ili poyera mamita khumi kuchokera pamenepo.

Ngati chimene mukufuna ndi intaneti, nkhani yonse ndi ya magetsi. Starlink ya Standard imadya pakati pa 75 ndi 100 W, ndipo inapangidwira magetsi a m'nyumba, kutanthauza kuti kawirikawiri mumaidutsitsa pa invata, chipangizo chosandutsa magetsi a batire kukhala a m'nyumba, imene nayonso imanyambitako gawo lake. Starlink Mini, yomwe inatuluka mu 2024, imadya pakati pa 25 ndi 40 W, imalemera kilogalamu imodzi ndi pang'ono, ili ndi Wi-Fi yakeyake mkati, ndipo imalandira magetsi a batire mwachindunji, kuyambira 12 V mpaka 48 V. Tawerengani maola asanu ndi atatu a ntchito: Standard yamwa pakati pa 600 ndi 800 Wh, Mini pakati pa 200 ndi 320 Wh. Wh ndi mawati kuchulukitsa ndi maola basi. Kusiyana kumeneku ndi panelo yathunthu, nthawi zina ziwiri, padenga limene tinaona kuti mulibe malo. Standard ili ndi mphamvu zake, imapirira bwino mvula ndipo imatumikira anthu ambiri nthawi imodzi, koma pa motorhome ya anthu awiri sindiona chifukwa choisenzera.

Kanthu kamodzi ka Mini kamene kamakhumudwitsa ambiri: ngakhale papepala imalola 12 V, mukailumikiza ku batire ndi waya wautali wowonda, magetsi amafooka m'njira, ndipo chipangizocho chimangozima n'kuyaka, kuzima n'kuyaka. Mankhwala ake ndi waya wamfupi wonenepa, kapena kachipangizo kokweza magetsi kufika 24 V kapena kuposerapo. Kumbukiraninso kuti Starlink imafuna chilolezo cha dziko lililonse, choncho kudutsa malire sikutanthauza kuti izigwirabe ntchito, ndipo si mgwirizano uliwonse wolipira umene umalola kuigwiritsa ntchito galimoto ikuyenda.

Kuimangirira padenga kapena kuisiya yochotseka? Yomangirira n'njosavuta, mumangoyatsa. Koma tsiku limene mwaima pansi pa mitengo, intaneti iziduka mphindi iliyonse, ndipo kukambirana kwa pavidiyo sikutheka. Ine ndimakonda chomangira chimene chimalola kuichotsa msanga, ndi waya wina wapadera wopita nayo poyera.

Pali njira ina imene anthu amaidumpha chifukwa siimveka yamakono: mlongoti wa 4G kapena 5G padenga ndi rauta yogawa intanetiyo mkati. Ndi kabokosi kakang'ono, kamadya mawati ochepa kwambiri poyerekeza ndi Starlink, ndipo sikasamala za mitengo. Ngati maulendo anu ndi a m'madera mmene foni imagwira, ichi n'chokwanira, ndipo TV yomwe mukhoza kuionera pa intaneti yomweyo, dishi osaifunanso. Setilaiti ndi ya munthu amene amagonadi kumene netiweki kulibe.

Tsopano sola

Nambala yolembedwa pa panelo ndi ya mu labotale: kuwala kwa 1,000 W pa sikweya mita, kutentha kwa panelo kuli madigiri 25. Padenga la galimoto panelo imagona chagada, siyang'ana dzuwa mwachindunji, imatentha, ili ndi fumbi. Pa tsiku labwino la dzuwa, yembekezerani pakati pa 300 ndi 400 Wh kuchokera ku panelo ya 100 W. M'nyengo yozizira ya mayiko akutali ndi ikweta, kumene dzuwa limangokwawa m'munsi, mukhoza kupeza zosakwana 100 Wh. Tsono lembani zimene mumadya patsiku. Furiji ya kompuresa imatenga mwina 400 mpaka 600 Wh, malinga ndi kutentha. Onjezani magetsi ounikira, pampu ya madzi, mafoni, laputopu, kenako Starlink ija. Munthu wa furiji, laputopu ndi Mini amafika msanga pa 1,000 Wh, ndiye kuti akufunika sola ya 300 W kapena kuposerapo. Wa Standard akufunika cha m'ma 400 kapena 500 W, ndipo madenga ambiri sangakwanitse.

Mapanelo olimba, a galasi ndi felemu ya aluminiyamu, ndiwo ndimawakhulupirira. Amakono ambiri ndi a monocrystalline, amene amasandutsa magetsi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a kuwala kowagwera. A polycrystalline, obiriwira ngati thambo aja, amatulutsa zochepa pa malo ofanana, ndipo padenga lothina alibe ntchito. Panelo yolimba imakhala pa timiyendo, n'kusiya mpata wa zala ziwiri kapena zitatu pansi pake. Mpata umenewo ndi wofunika kuposa mmene umaonekera. Panelo ikatentha kupitirira madigiri 25 imataya pafupifupi 0.4 peresenti ya mphamvu pa digiri iliyonse, choncho ikafika madigiri 65, zomwe zimachitika masana a dzuwa loswa mtengo, yataya cha m'ma 16 peresenti. Mpweya wodutsa pansi umaiziziritsa, ndipo panelo yomweyo imachitira mthunzi denga, mkati n'kumazizirirako. Opanga ambiri amalonjeza zaka 25 pa mphamvu yake. Mtengo wake mumaulipira pa sikelo: makilogalamu 6 mpaka 8 pa 100 W iliyonse.

Mapanelo opindika amakopa maso. Ndi opyapyala, amalemera makilogalamu awiri okha kapena kuchepera, amatsatira kupindika kwa denga, ndipo munthu ali pansi sawaona. Koma amamatidwa padenga penipeni, popanda mpweya wodutsa, motero amapsa ndi kutentha tsiku ndi tsiku. Tizigawo ta mkati timachita ming'alu yosaoneka ndi maso, pulasitiki ya pamwamba imachita mbuu, ndipo ambiri amafooka patangopita zaka zochepa. Ndinachotsapo imodzi yakufa: tsiku lonse ndili chogwada ndi waya wowonda ndi chopalira, kudula guluu pang'onopang'ono, ndipo penti ya denga inatsatira panelo m'malo angapo. Ngati denga lanu n'lokwezeka, lopindika kwambiri, kapena galimoto yatsala pang'ono kufika pa malire a kulemera kwake, gulani opindika, koma sankhani okutidwa ndi pulasitiki ya mtundu wa ETFE osati PET, ndipo ikani kanthu ka timipata pansi pake kuti mpweya uzidutsa.

Za kulemerazi musazitenge mopepuka. Ku Ulaya laisensi wamba ya gulu B imalekezera pa makilogalamu 3,500, ndipo ma motorhome ambiri amachoka kufakitale atatsala ndi mpata wochepa. Mapanelo atatu olimba, dishi yodzipinda ndi zomangira zake zikhoza kupitirira makilogalamu 40, onsewo ali pamwamba penipeni, pamene amachititsa galimoto kuyendera mbali pokhota.

Palinso mapanelo onyamula, opindidwa ngati chikwama. Monga dishi ya miyendo itatu ija, amakumasulani: inu pamthunzi, iwo padzuwa, ndipo mukhoza kuwapendeketsa kutsatira dzuwa, zomwe m'nyengo yozizira zimapindulitsa kwambiri. Koma sagwira ntchito mukuyenda, ndipo simungawasiye panja mukapita kokayenda. Ndi othandizira, osati maziko.

Mthunzi

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira mwakachetechete. Tizigawo ta m'panelo timalumikizidwa motsatizana ngati mikanda pa ulusi umodzi. Panelo wamba ya 12 V imakhala nato 36 kapena kuyandikira apo. Kamodzi kakaphimbidwa, magetsi a mzere wonse amatsamwa. Opanga amaikamo tizipangizo totchedwa bypass diode kuti magetsi alambalale chigawo chophimbidwacho, koma kulambalalako kumataya theka kapena gawo limodzi mwa magawo atatu a panelo, ngakhale mthunziwo utakhala waung'ono ngati chikhatho.

Ndinaziona ndi maso tsiku lina cha m'ma 3 koloko masana. Kunja kunalibe mtambo, koma nambala ya pa kontirola, kabokosi kowongolera magetsi ochoka ku mapanelo kupita ku batire, inali itagwa kupitirira theka. Nditakwera ndinapeza mthunzi wa mkono wa dishi, wowonda ngati ndodo, utagona mopingasa pa ngodya ya panelo yakumbuyo. Nditagoneka dishi, nambala inabwerera ndisanatsike n'komwe pa makwerero. Amene anandiikira zipangizozo anaika dishi pakati pa mapanelo awiri chifukwa mpamene waya unali waufupi. Kuyambira pamenepo ndimauza aliyense kuti zinthu zazitali zonse zisonkhane mbali imodzi ya denga, mapanelo mbali ina, ndipo poimika galimoto, mbali ya mapanelo ndiyo iyang'ane kumene kuli dzuwa. Kwa wa dishi ya TV pali kamwayi: m'mayiko akutali ndi ikweta, dzuwa la masana ndi masetilaiti a TV zonse zimaonekera mbali ya ku ikweta, choncho mapanelo akakhala kutsogolo kwa nkhope ya dishi, mthunzi umagwera kumbuyo kwake. Makatoni aja amathandizanso pano. Imikani imodzi chilili pamalo a dishi, muone kumene mthunzi wake ukufika m'mawa, masana ndi madzulo.

Mthunzi ndiwonso umasankha kalumikizidwe ka mawaya. Mukalumikiza mapanelo motsatizana, mavoliti amaphatikizana, mawaya owonda amakwanira, ndipo kutchaja kumayamba m'mamawa. Koma panelo imodzi ikaphimbidwa imakokera pansi inzake. Mukawalumikiza moyandikana, iliyonse imadziimira payokha, koma pamafunika mawaya onenepa, ndipo akakhala atatu kapena kuposerapo iliyonse imafuna fyuzi yake. Padenga lodzaza zinthu, kulumikiza moyandikana ndiko kwanzeru. Amene angakwanitse amaika makontirola awiri ang'onoang'ono, mbali iliyonse yake.

Pa kontirola palibe mkangano waukulu. Ya PWM imakokera panelo pa mavoliti a batire. Panelo ya 100 W imapereka mphamvu yake yonse cha pa 18 V ndi 5.5 A, ikakokeredwa pa 13.5 V, mwatsala ndi 74 W. Ya MPPT imasiya panelo pamene ikugwira bwino ntchito n'kusandutsa mavoliti otsalawo kukhala maampu. Pa kapanelo kamodzi kongosunga batire kuti isafe, PWM ilibe vuto. Pa china chilichonse gulani MPPT. Manambala ngati 100/30 olembedwa pa makontirola a Victron ndi ena amatanthauza mavoliti 100 ochokera ku mapanelo ndi maampu 30 opita ku batire. Musayandikire kwambiri nambala yoyambayo, chifukwa mavoliti a panelo amakwera kukazizira, ndipo m'mawa wa chisanu ndi umene umawotcha makontirola. Polumikiza, yambani ndi batire, mapanelo pambuyo.

Batire ili pansi, osati padenga, koma sola yopanda posungira n'kutungira madzi m'dengu. Ya AGM ya 100 Ah imasunga 1,200 Wh, koma yogwiritsa ntchito ndi theka lokha ngati mukufuna ikhalitse, ndipo imalemera pafupifupi makilogalamu 30. Ya lithiamu ya LiFePO4 yofanana nayo imalola kuitapa 80 peresenti kapena kuposerapo, imalemera makilogalamu 12 kapena 13, ndipo imalandira magetsi mwachangu. Siyenera kutchajidwa kukazizira kufika pansi pa 0°C, pokhapokha ili ndi chotenthetsera chake. Wa Starlink amene ali ndi AGM imodzi adzakhala mumdima isanakwane 10 koloko usiku. Ndipo ngati mumayenda pafupifupi tsiku lililonse, chotchajira cha DC-DC chotenga magetsi ku injini chikhoza kukupatsani m'ola limodzi zimene panelo ya 100 W imapanga tsiku lonse, popanda kutenga malo padenga.

Kuboola denga

Bowo lililonse ndi malo odonthera mawa. Pa denga la fibreglass kapena aluminiyamu, anthu ambiri amamata timiyendo ta mapanelo ndi guluu wamphamvu ngati Sikaflex 252, osaboola. Amagwira ndithu, bola malowo atsukidwe, apalidwe pang'ono, apakidwe mankhwala oyambira, ndipo guluuyo akhale wochindikala mamilimita awiri kapena atatu, osafinyidwa mpaka kutha, kenako apatsidwe nthawi youma galimoto isanayende. Madenga a labala ya EPDM kapena TPO, ofala ku America, ndi nkhani ina: labalayo ndi chikopa chabe chomatidwa pa thabwa, choncho kumata pamenepo n'kumata pa chinthu chimene chikhoza kusendeka ndi mphepo. Pamenepo pamafunika masikuluwu olowa m'thabwa, n'kuphimba mitu yake ndi mankhwala otsekera ogwirizana ndi labalayo. Mawaya onse, a sola, a dishi, a mlongoti, yesetsani kuti alowere pa bowo limodzi lokhala ndi kabokosi kotsekera madzi, ndipo ikaninso waya wina wongodikira, chifukwa chaka chamawa mudzafuna kuwonjezera kanthu.

Nanga ndani atenge chiti? Wogona m'malo olipira okhala ndi magetsi, amene amangofuna matchanelo akwawo madzulo, atenge dishi yodzipinda ndi panelo imodzi yolimba ya 100 mpaka 150 W, basi. Wogwira ntchito pa intaneti kutchire aiwale za dishi ya TV, adzaze denga ndi mapanelo olimba a 300 W kupita m'mwamba, MPPT, batire ya lithiamu, Starlink Mini yochotseka, ndi rauta ya 4G yogwiritsa ntchito masiku a mitambo pamene magetsi ali ochepa. Wa kagalimoto ka denga lokwezeka atenge panelo yopindika yabwino imodzi ndi ina yonyamula. Ofuna zonse, dishi ya masentimita 85, Starlink yaikulu ndi chimakina choziziritsira mpweya, adzapeza kuti sola yotsalira malo siingadyetse ngakhale Starlink yokhayo, ndipo adzakhala akusaka pobayira magetsi usiku uliwonse.

Zonse zikakwera, imikani galimoto pamalo osalala, ikani thabwa lowongoka pamwamba pa chinthu chachitali kwambiri, muyeze kuchokera pa thabwalo kufika pansi. Nambala ya m'buku la galimoto yatha ntchito. Lembani yatsopanoyo pa kapepala, mumate pafupi ndi chiwongolero pamene maso angaione msanga mukamayandikira mlatho wotsika.